Nkhombe za a Jombo

Achemwali anga agaya nkhombe zochuluka kuposa munthu wina aliyense m'tauni mwathu muno, koma sanaikepo ndi imodzi yomwe m'kamwa. Anthu akamva zimenezi amaseka, amayesa ndikuthira mchere monga mwa chizolowezi changa. Sindikuthira kanthu. Timakhala nyumba imodzi, timagwira ntchito malo amodzi, ndipo mbale zawo ndimatsuka ndine.

Kwa inu amene simunakhaleko m'mbali mwa nyanja yamchere, nkhombe ndi nkhono zija za zigoba ziwiri zotsekana, zimene anthu kuno amaweta pa zingwe zolendewera m'madzi n'kumagulitsa kumalo odyera a kumzinda. Theka la tauni ino linaphunzira sukulu ndi nkhombe. Vuto lake n'lakuti nkhombe imadya posefa madzi, ndipo nyengo zina m'nyanja mumabuka ndere zing'onozing'ono zokhala ndi poizoni. Nkhombe imameza ndere zija, iyo osadwala, kumangonenepa, poizoniyo n'kumusunga. Woona zakuda ndi wodyayo. Poizoni wina amangokuthamangitsa kuchimbudzi, wina amayamba ndi dzanzi pamilomo n'kumalizira kutseka mpweya. Kuphika sikumupha, fungo alibe, ndi maso sungamuone. N'chifukwa chake kuseri kwa doko kuli labotale.

Ine ndimakhala pawindo la kutsogolo. A boma oyendera nyanja akabwera ndi mabokosi a ayezi, ndimalandira matumba a nkhombe zoti ziyezedwe, kumata nambala, kupereka m'kati. M'katimo ndi mwa achemwali. Amatsegula zigoba ndi kampeni kakafupi, kukokota nyama yake, kuigaya mpaka isanduke phala la mtundu wa matope. Phala lija amapima pang'ono pasikelo, kuthiramo mankhwala okoka poizoni, kulizunguza m'makina mpaka zinyalala zidikhe pansi, kusefa, ndipo timadzi totsalato amathira m'kabotolo kochepa ngati chala chaching'ono. Timabotolo timeneti ndi timene amakapereka kwa Mkwatibwi.

Mkwatibwi ndi makina athu aakulu oyezera. Tinamutcha dzinali chifukwa ali ndi chipinda chakechake chozizira, safuna nsapato zakunja, safuna fumbi, ndipo akanyanyala ntchito yonse imaima mpaka wina amunyengerere. Koma ntchito yake amaidziwa. Amayamwa timadzi tija ndi kasingano, kutiuluza ngati nkhungu, kenako n'kupima kulemera kwa tinthu tonse tili m'menemo, ting'onoting'ono kwambiri moti ngakhale galasi lokuza zinthu silingatione. Akatero amatiphwanya n'kupimanso zidutswa zake. Poizoni aliyense ali ndi kulemera kwake, zidutswa zake ndi nthawi yake yotulukira, ndiye alibe kobisala. Pakompyuta pamaoneka mzere. Ukamayenda chogona ngati msewu, nkhombe zili bwino. Ukatukuka n'kupanga chulu, muli poizoni, ndipo chulu chikapitirira malire a lamulo dera lonselo amalitseka, osakolola, osagulitsa. Alimi a nkhombe amatitchula kuti otseka nyanja, ndipo kumsika moni amachita kutimana.

Achemwali ndi oyamba kubadwa kwathu. Mayi atamwalira iwo ndi amene anatisambitsa, kutiphikira ndi kutikwapula, nthawi zina zonsezi m'mawa umodzi. Zasayansi anakaphunzira mochedwa, kusukulu ya madzulo, ife titakula. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wofatsa amene anamwalira mwana wawo akadali kusekondale. Mwanayo pano ali kumzinda wina ndipo amaimba foni akakumbukira. Ine ndinafika kwawo banja langa lachiwiri litatha, ndi sutikesi yomwe ndinatulukira nayo m'banja loyamba, ndikunena kuti ndikhala masabata ochepa chabe. Ndikadali pomwepo.

Kuntchito amawatchula kuti a Bwerezani. Zotsatira zikatuluka, kaya n'zabwino kaya n'zoipa, mawu awo ndi amodzi, akuti tibwereze. Kunyumba n'chimodzimodzi. Amakhoma chitseko, kufika pageti, kubwerera kukachigwedeza. Mufiriji mwathu ngakhale theka la tomato limakhala ndi kapepala konena tsiku limene linadulidwa. Munthu wotereyu simungamuganizire zachibwenzi. Ine ndinali nditawaika kale m'gulu la mipando ya mu labotale.

Ndiye tsiku lina boti la a boma linawonongeka, alimi anauzidwa kuti abweretse okha nkhombe zoyeza. Pawindo panga panaima bambo wamtali wa imvi m'ndevu, atavala jombo zofika m'mawondo, madzi akudontha pasimenti yokolopa kumene. M'bokosi mwawo munali madzi ofunda m'malo mwa ayezi. Ndinaitana achemwali chifukwa kukalipira anthu amakudziwa bwino kuposa ine.

"Bambo, nkhombe izi mwazitenga m'nyanja kapena mu uvuni?"

"M'nyanja, mayi."

"Ayezi ali kuti?"

"Wasungunuka panjira."

"Ndiye mubwerere mukatenge zina. Izi ine sindiyeza."

Alimi ena ukawauza zotere amakutukwana mpaka agogo ako. Awa anangovula chipewa n'kumamvetsera ngati akuwaimbira nyimbo. Anabwereradi, n'kubweranso ndi bokosi lodzaza ayezi moti nkhombezo tinachita kukumba. Kuyambira tsiku limenelo tinkangowatchula a Jombo. Ndinafufuza, chifukwa ndi ntchito ya munthu wa pawindo. Akazi awo anamwalira kale, ana aakazi awiri ali pabanja kumzinda, ndipo zingwe zawo zili kutali kwenikweni, kumene madzi amathamanga.

Pasanapite nthawi, madzulo ena anagogoda pageti pathu, chipewa m'dzanja limodzi, thumba m'dzanja linalo. Anati amangodutsa. Msewu wathu sutulukira kulikonse, umathera pampanda wa sukulu. Anakhala pakhonde, anamwa tiyi, analankhula za mphepo ya kummwera, anatsanzika. Achemwali anawaperekeza mpaka pageti, n'kubwera akumwetulira okha, chitseko osachigwedeza.

Zimene zinatsatira, abale, ndikanakhala kuti sindinaone ndekha ndikanatsutsa. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu anayamba kuimba m'chipinda cha Mkwatibwi. Anagula lipisitiki. Ankapita kuntchito ndi nsapato zogogoda, n'kukazivula pakhomo la labotale n'kuvala zoyera za ntchito, kungoti anthu a mubasi aone. Foni ikalira ankathamanga ndi magolovesi m'manja. Tsiku lina tikusenda mbatata anangoima, mpeni m'mwamba.

"Iwe."

"Ee, achemwali."

"Bambo amene aja ine ndikuwafuna. Usaseke."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma ndinasangalala, ndipo ndinachitanso mantha, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akunena kuti akufuna chinthu. Kuyambira pamenepo nkhani ya m'nyumba mwathu inali imodzi, yoti a Jombo asatipulumuke.

Chovuta chinali thumba. Madzulo oyamba aja, alendo atapita, tinaliika patebulo n'kumaliyang'ana. Nkhombe zonenepa, zotsukatsuka, zonyezimira.

"Ndiike poto pamoto?" ndinafunsa.

"Zosayeza?"

M'mawa mwake ananyamula thumba lonse kupita nalo kuntchito. Anagaya, anasefa, anapereka kwa Mkwatibwi, ndipo mzere unatuluka wogona bwinobwino, wopanda ndi kachulu komwe. Abwana athu, munthu wamng'ono kwa ife tonse, wowonda, wa madigiri ambiri ndi malaya amodzi, anayang'ana pakompyuta n'kufunsa kuti nkhombe zokongola chonchi zachokera kuti.

Apa ndifotokoze kanthu kamodzi. Mkwatibwi sayamba ntchito asanalawe choyera. Choyera ndi phala la nkhombe zodziwika kuti zilibe poizoni m'pang'ono pomwe. Amayamba kumupatsa chimenecho kuti aone ngati iyeyo ali woyera, osanama. Chinanso amadonthezamo poizoni wodziwika muyeso wake kuti chikhale ngati rula yoyezera zina zonse. Choyera chabwino n'chosowa, chifukwa za kumsika nthawi zambiri zimakhala ndi katsalira. Ndiye abwana ataona za a Jombo anachita ngati atola ndalama panjira. Anapempha kuti ngati zilipo zina, zibwere.

Zina zinalipo. Sabata ili yonse a Jombo ankangodutsa mumsewu wathu wosatulukira kulikonse, thumba m'manja, ndipo m'mawa mwake thumbalo linkakwera basi. Ine ndinadandaula kuti poti n'zoyera, bwanji tisiyeko zochepa tiphike. Achemwali anandiyang'ana ngati ndanena kuti tidye sopo.

"Ndakhala ndikuziona m'kati mwake zaka zonsezi. Chinthu ukachidziwa mmene chimaonekera chikakhala phala, sungachidye."

"Ine sindinachione."

"Iwe abwana akufuna thumba lonse."

Ndiye chikondi cha a Jombo chinkathera mufiriji ya labotale, m'timachubu tokhala ndi zivindikiro zabuluu, ine osalawako ndi msuzi womwe. Mpaka lero zimandipweteka.

Ulendo wachiwiri uja a Jombo anafunsa, monga munthu aliyense angafunsire. "Nanga zija zinali bwanji, mayi?" Achemwali, amene sananamizepo munthu ngakhale za msinkhu wawo, anatsamwa ndi tiyi n'kunena kuti zinali zokoma. Atatero anandiyang'ana ndi maso a munthu womira. Ndinawavuula. Ndinati tinakazinga anyezi, tinathira adyo, tinafinyira mandimu pamwamba. Sabata yotsatira ndinati batala ndi tsabola. Yotsatirayo ndinati tinaziwotcha pamakala. Ndinali nditapeza luso langa. A Jombo ankamvetsera atatsamira kutsogolo, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ija ya mandimu anakayesa kwawo, inawakomera kwambiri.

"Alamu, ndili nazo zambiri," ndinatero. Ndinali nditayamba kale kuwatchula alamu, iwo n'kumayang'ana pansi ngati mnyamata, achemwali n'kumanditsina pansi pa tebulo. Iwo ankanditchula mayi a pawindo.

Ku labotale aliyense ankadziwa. Thumba likafika, abwana ankafunsa kuti mkamwini wathu ali bwanji. Poyamba thumba lililonse ankaliyeza palokha asanalikhulupirire. Koma linali loyera, lotsatira loyera, linanso loyera, mpaka anthu anazolowera. Linkangogayidwa m'mawa n'kulembedwa kuti choyera, basi. Ngakhale a Bwerezani, amene sakhulupirira loko wa chitseko chawo, thumba la a Jombo ankalikhulupirira.

Ndinkawauza kuti aulule. "Achemwali, bodza ili likukula, layamba kumera mano."

"Ndiwauza."

"Liti?"

"Dikira kaye. Ukufuna andithawe?"

Kenako a Jombo anaponda sitepe. Anati Lamlungu likubwerali ana awo onse awiri abwera kuchokera kumzinda ndi adzukulu, ndipo akufuna kuti mayi adzadye nawo chakudya cha masana kunyumba kwawo. Ophika adzakhala iwowo, ndipo chophikacho n'chosachita kufunsa. Atangotuluka, achemwali anavina m'khitchini, kavinidwe koipa kwabasi, kenako anakumbukira chophikacho n'kukhala pampando. Madiresi onse anatuluka m'kabati. Tinakambirana kwa nthawi yaitali ngati nkhombe yophika ingabisike m'chikwama cha m'manja. Ine ndinati amange mphuno amezere ndi madzi ngati mapiritsi. Iwo anati adzanena kuti akusala kudya. Ndinawakumbutsa kuti munthu sasala tsiku lokaonekera kwa ana a mwamuna.

Lachiwiri madzulo a Jombo anabwera ndi thumba lalikulu kuposa onse, akuti tilawiretu, n'zochokera pachingwe chomwe adzakolole Lamlungu. Lachitatu m'mawa tili m'basi, thumbalo lili pamiyendo pa achemwali, ndinawatumizira a Jombo uthenga pafoni. Ndinati alamu, dzulo tinadya mpaka kumasula malamba, ine ndekha mbale ziwiri.

Nthawi ya tiyi ndinalowa m'kati n'kupeza kapu iliyonse ili yokha. Onse anali m'chipinda cha Mkwatibwi. Ndinavala zokutira nsapato n'kusuzumira. Pakompyuta panali chulu, osati kachulu, chulu chenicheni, ndipo chinali pamzere wa choyera.

"Mkwatibwi wada," abwana anatero. "Singano yatsalira poizoni wa dzulo. Titsuke."

Anatsuka singano. Anabwereza. Chulu chili pomwepo. Anasintha kapaipi kamene timadzi timadutsamo, anataya mankhwala onse n'kusungunula atsopano, anasintha mabotolo. Chulu osasuntha. Anaimbira foni katswiri wa makinawa kumzinda, amene anawafunsa ngati ayesa kuzimitsa n'kuyatsanso, abwana n'kumuyankha mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Anagwada kuseri kwa makina ndi tochi m'kamwa, akumunyengerera Mkwatibwi ngati wakana kutuluka m'nyumba tsiku la ukwati. Anthu ophunzira onsewo anakhalira kukwecha makina osalakwa m'mawa wonse, popanda ndi mmodzi yemwe wokayikira choyera. Ungachikayikire bwanji, pachubu palembedwa kale kuti n'choyera, ndipo chachokera kwa mkamwini?

Ine ndinkayang'ana achemwali. Anatuluka mwakachetechete, anatsegula firiji, anatenga kachubu ka thumba la mwezi watha, anakasungunula m'manja mwawo. Anakonza timabotolo titatu, kena ka mankhwala okhaokha, kena ka thumba lakale, kena ka thumba la dzulo. Chivindikiro china chinagwa n'kugubuduzika mpaka pamapazi anga. Anauza abwana kuti adzuke pansipo.

Tinadikira, Mkwatibwi akung'ung'udza. Kabotolo koyamba, msewu. Kachiwiri, msewu. Kachitatu mzere unayenda pang'ono n'kukwera, kukwera, kupitirira malire a lamulo osayang'ana n'kumbuyo komwe. Anali poizoni uja wa dzanzi. A boma anali atayeza dera la a Jombo sabata yapitayo n'kulipeza lili bwino, ndiye kuti nderezo zinali zitangobuka kumene.

Abwana anachotsa tochi m'kamwa. "Tibwereze, mayi?"

"Tibwereza pambuyo. Lole ya a Jombo yopita ndi nkhombe kumzinda imanyamuka masana."

Abwana anathamangira ku ofesi kukaimbira a boma kuti atseke dera. Achemwali anatuluka m'khonde la m'kati, anavula magolovesi, anatulutsa foni. Ndinawatsatira. Tonse awiri tinkadziwa chimene foniyo ikatsegule, chifukwa munthu sangauzidwe kuti mphatso yake ili ndi poizoni osafunsa kuti mwadziwa bwanji.

"Ndiimbe ndine?" ndinafunsa.

"Iwe wanama zokwana."

Foni inalira pang'ono n'kuyankhidwa. Ndinkamva mawu a a Jombo ndi mphepo kumbuyo.

"Bambo, ndine. Lole yanyamuka?"

"Yangonyamuka kumene. Kwagwanji?"

"Iitaneni ibwerere. Musagulitse, musadye, musapatse munthu. Nkhombe za dzulo zili ndi poizoni, uja wa dzanzi."



"Za dzulo?"

"Eya."

"Zimene ndinakubweretserani?"

"Zomwezo."

Foni inaduka. Achemwali anaiyang'ana kwa kanthawi n'kuiika m'thumba la gauni. Anati andidulira, n'kubwerera kuntchito yawo. Ine ndinabwerera pawindo panga mtima uli m'malere, ndikukonza mawu amene ndidzamuuze bamboyo ndikadzakumana naye kumsika.

Sindinamalize kuwakonza. Kagalimoto konyamulira nkhombe kanaima chopingasa pakhomo, injini osazima, chitseko osatseka. A Jombo anadutsa pawindo panga ngati kulibe munthu, anakankha chitseko cholembedwa kuti olowa ndi ogwira ntchito okha, anadutsa pomwe timavulira nsapato, n'kukalowa m'chipinda cha Mkwatibwi ndi jombo zawo, matope ali mbwee. Ine pambuyo.

Anawagwira achemwali m'masaya ndi manja onse awiri.

"Milomo mukuimva? Lilime? Zala? Tapumani ndione. Galimoto ili panja, tiyeni kuchipatala." Anandicheukira. "Nanunso, mayi a pawindo. Inu ndiye mbale ziwiri."

"Bambo, jombozo," abwana anatero ndi kamawu kakang'ono, akuloza pansi. Palibe anawamva.

"Lole ija?" achemwali anafunsa, masaya ali m'manja mwa eni ake.

"Yatembenuka, ndaiimbira ndikuthamanga. Isiyeni lole. Tiyeni."

"Sindinadye."

"Mwasanza?"

"Sindinadye, bambo. Dzulo sitinaphike."

A Jombo anawasiya pang'onopang'ono, anafufuza mpando kumbuyo kwawo n'kukhala. Anapukuta kumaso ndi chipewa, anayamba kuseka. Anati Mulungu ndi wabwino, anabwereza kangapo. Ine ndinayamba kuseka nawo, ndikuganiza kuti mwina tapulumuka. Kenako anakweza mutu.

"Nanga zafika bwanji kuno?"

Achemwali akanatha kunena kuti dzulo lokha anakayikira. Ine ndikanatero, ndipo bodzalo linali litafika kale pamilomo panga. Iwo anawatenga pamkono, anatuluka nawo m'chipindamo, anatsegula firiji yaikulu n'kukoka kabati ya pansi. Timachubu ta zivindikiro zabuluu tinali titandandalika, kalikonse ndi tsiku lake.

"Izi ndi za mwezi watha. Izi ndi zija munabweretsa mvula ikugwa. Izi ndi zoyamba zija."

"Zonse?"

"Zonse. Ine nkhombe sindidya, bambo. Sindinadyepo chibadwire. Ndinachita mantha kukuuzani."

"Nanga ija ya mandimu ndi adyo?"

Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinapeza kuti padenga pali mng'alu umene ndinali ndisanauonepo.

Abwana, pofuna kuthandiza, anayamba kufotokoza. Anati nkhombe za bambo zakhala zikuthandiza gombe lonse, kuti zotsatira zonse za miyezi imeneyi zinayezedwa poyerekeza ndi zimenezi, kuti pakanapanda thumba la dzulo, lero usiku anthu akanadwala kumzinda, ndi adzukulu omwe Lamlungu. Zonse zinali zoona. A Jombo anamvetsera mpaka pamapeto, mpweya wozizira wa mufiriji ukuwawomba m'mawondo.

"Ndamva, achimwene, ndipo ndathokoza. Koma ine sindinkabweretsera makina." Anatembenukira kwa achemwali. "Ndinkasankha imodziimodzi, mayi. Zonenepa zokhazokha. Ndinkazitsuka ndi burashi."

A Jombo anayang'ana pansi n'kuona matope amene anasiya kuyambira pakhomo. Anati pepani ndadetsa, anavula jombo, anazinyamula m'manja n'kutuluka ndi masokosi.

Dera lawo linatsekedwa tsiku lomwelo, nyengo imene nkhombe zimayenda malonda kwambiri. A boma anabweretsa nkhombe za zingwe zoyandikana nazo, achemwali anaziyeza okha, chulu chinatulukanso, ndipo alimi ena anatsekeredwanso. Palibe anadwala. Zimenezi zinayenera kutisangalatsa, ndipo kuntchito zinatisangalatsadi, abwana mpaka anagula mabisiketi. Kunyumba kunali ngati pamaliro. Madiresi anabwerera m'kabati. Foni sinalire. Achemwali ankadya ataimirira n'kukagona nkhuku zisanalowe. Ndinayesa kunena kuti amuna alipo ambiri, anandiyang'ana, ndinatseka pakamwa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinakwiyira bamboyo, ngakhale ndinkasowa chimene walakwa.

Loweruka masana ndikuyanika zovala ndinamva kugogoda pageti. Anali a Jombo, chipewa m'dzanja limodzi, dzanja linalo lopanda kanthu, akusowa poliika. Sindinawapatse n'moni womwe. Ndinathamangira m'nyumba, ndinawapeza achemwali akusita gauni ya kuntchito, ndinawalanda simbi n'kuwakankhira kunja ndi duku lawo lakale lomwelo. Kenako ndinaima kuseri kwa katani, chifukwa ndine munthu wa pawindo.

Anapatsana moni ngati anthu okumana kuchipatala. Anafunsana za kunyumba. A Jombo anati mawa ana akubwerabe, sanawaletse, ndipo agula nkhuku. Anazunguza chipewa.

"Ndinakwiya, mayi, sindinama. Ndinakhala pazingwe paja ndekha, popanda chokolola, ndikungoganiza. Ndiye ndinaona kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikukubweretserani chimene ndimakonda ine. Sindinakufunseni." Anaonetsa dzanja lopanda kanthu lija. "Lero ndafika pamsika, ndazungulira, ndatuluka chimanjamanja. Sindikudziwa chogula. Kodi inuyo mumakonda chiyani?"

Achemwali anga amadziwa kulemera kwa poizoni aliyense wa m'nyanja pamtima. Amadziwa kuti ine sindidya mazira owiritsa, kuti malemu amuna awo ankafuna tiyi wozizira pang'ono, kuti mwana wawo nyemba amazifuna zopanda tomato. Ndinawaona akutsegula pakamwa kuti ayankhe. Anatseka. Anayang'ana pageti, anayang'ana zovala pachingwe, anatsegulanso pakamwa.

"Sindikudziwa," anatero. "Palibe anandifunsapo."

Ine kuseri kwa katani misozi inangoti mbwee, chifukwa ndadya zophika zawo kuyambira ndili wakhanda, ndipo nanenso yankho lake sindinkalidziwa.

A Jombo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye tikhale pansi muganize. Nyanja munatseka, ine ndilibe kothamangira."

Ndinapukuta m'maso ndi katani, ndinatulutsa mipando iwiri n'kuiika pamthunzi, ndipo ndinabwerera m'nyumba kukamaliza kusita gauni ija.